Fodya m'mabala a mu Lusaka: lamulo likuthamangitsa ndudu m'malo mwa mwini malo

Anthu ambiri mu Lusaka sadziwa kuti kusuta fodya m'bala, mu lesitilanti, m'basi kapena mu ofesi yolowamo anthu ndi mlandu, ndipo wakhala mlandu kuyambira 2008. Chaka chimenecho, a Sylvia Masebo ali nduna ya maboma aang'ono, boma linatulutsa Statutory Instrument No. 39 yoletsa kusuta pamalo a anthu onse. Ndi lamulo lalifupi moti mungaliwerenge lonse ndudu imodzi isanathe. Limati munthu asasute pamalo otere, ndipo malowo limawatanthauzira kuti ndi nyumba, galimoto kapena pena paliponse pamene anthu wamba amaloledwa kulowa. Wolakwa angalipire faindi yosapitirira ma penalty unit (muyeso umene boma limawerengera faindi) 2,500, kapena kukhala m'ndende zaka zosapitirira ziwiri, kapena zonse ziwiri. Pamene penalty unit inali 30 ngwee, faindiyo inali K750. Itakwera kufika 40 ngwee mu 2024, inafika K1,000.

Lisanabwere limeneli panali kale malamulo a 1992 a zaumoyo, Statutory Instrument No. 163, amene analetsa fodya m'zipatala, m'masukulu, m'nyumba za kanema, m'malifiti ndi m'magalimoto onyamula anthu. Mu 2008 momwemo Zambia inalowanso m'pangano la WHO loletsa fodya, lotchedwa FCTC, limene ndime yake ya 8 imalamula maiko kuteteza anthu ku utsi wa fodya m'nyumba zogwirira ntchito, m'magalimoto a anthu onse ndi m'malo osonkhanira. Papepala tili bwino ndithu. Koma lowani m'bala ku Kabwata kapena ku Matero Lachisanu cha m'ma 22:00, muone ngati simupeza timbale ta phulusa patebulo, toikidwa ndi mwini bala yemwe.

Vuto lagona pa munthu amene lamulo likumuloza. Chilango chake chalunjika pa wosuta. Tsono taganizani ntchito imene mwapatsa inspekitala wa zaumoyo wa khonsolo. Ndudu imayaka mphindi 5 mpaka 7. Kuti mlandu ukhalepo, inspekitala ayenera kukhala m'chipindamo m'mphindi zimenezo, aone ndudu ikuyaka, atenge dzina lenileni la munthu amene mwina waledzera ndipo alibe NRC m'thumba, ndiyeno amufikitse ku khoti. Ofesi imatseka 17:00, mabala amadzaza anthu usiku. Ngakhale atagwira mmodzi, mawa pampando womwewo pakhala wina. Komanso palibe wapolisi kapena majisitireti amene mtima wake ungalole kutsekera tate wa ana zaka ziwiri chifukwa cha ndudu imodzi, choncho chilango chimene chinalembedwa kuti chiopseze chimangochititsa kuti aliyense ayang'ane kumbali.

Mwini bala ndiye sasuntha. Ali ndi adiresi, ali ndi layisensi ya mowa, health permit ndi fire certificate, ndipo zonsezi zimamubweza ku Civic Centre pa Independence Avenue kukazikonzanso. Ali ndi baunsa pakhomo ndi mawetala amene amaona tebulo lililonse usiku wonse. Maiko amene chiletsochi chinagwira anaika mtolo waukulu pa iye. Ku Scotland wosuta amalipira £50 pomwe woyang'anira malo amalipira £200. Ku England wosuta amalipiranso £50, koma mwini malo amene walekerera angalipitsidwe mpaka £2,500. Ireland, dziko loyamba kuletsa fodya m'malo onse ogwirira ntchito kuphatikizapo mabala, pa 29 Marichi 2004, linachitanso chimodzimodzi, ndipo m'chaka choyamba malo oposa 90 pa 100 alionse amene anayenderedwa anapezeka akutsata lamulo. Sikuti ku Dublin kunali inspekitala pabala lililonse. Wogulitsa mowa ndiye anasanduka mlonda, chifukwa ndalama yake ndi imene inali pachiswe.

Tisanapite patali, tikumbukire kuti lamuloli likuteteza yani. Kasitomala amakhala maola awiri n'kumapita. Mtsikana woperekera mowa amakhala mu utsiwo maola 8 kapena 10, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, mwina ali ndi pakati, ndipo sangauze bwana amene akumugulira chakumwa kuti azimitse. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Lipoti la 2006 la Surgeon General, mkulu wa zaumoyo m'boma la America, linapeza kuti munthu wosasuta amene amapuma utsi wa anzake kunyumba kapena kuntchito, ngozi yake ya matenda a mtima imakwera ndi 25 mpaka 30 pa 100, ndipo ya khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 pa 100. WHO imati utsi wa anzawo umapha anthu osasuta oposa 1 miliyoni chaka chilichonse. Mtima ndiwo umayamba kuonetsa kusintha: ku Scotland, chiletso chitayamba mu Marichi 2006, ogonekedwa m'zipatala chifukwa cha kutsekeka mwadzidzidzi kwa mitsempha ya mtima anachepa ndi 17 pa 100. Nkhaniyi ikayambidwa ngati ya ufulu wa ogwira ntchito, imamveka ngakhale kwa osuta. Ikayambidwa ngati yodzudzula osuta, mkangano wake sutha.

Khonsolo ikafuna kulemba by-law, lamulo lakelake la mumzinda, yolimbitsa chiletsochi, pamene iyenera kuthera nthawi yambiri ndi pa matanthauzo a mawu, chifukwa mpamene malamulo otere amabowokera. Mukukumbukira tujilijili? Mowa wa m'timapaketi unaletsedwa mu 2012, koma posapita nthawi mowa waukali wotchipa unabweranso m'timabotolo. Ndi mmene zimakhalira mukaletsa chotengera osati chinthucho.

Mawu oyamba ovuta ndi akuti "m'kati". Mu Lusaka malo ambiri omwera si chipinda cha makoma anayi. Pali khonde lofoleredwa malata, pali nsaka ya udzu, pali tenti yokhala ndi mapulasitiki otsitsa m'mbali mvula ikayamba, pali kontena yodulidwa mbali imodzi. Mwini aliyense adzanena kuti apa ndi panja. Malangizo a FCTC amene anavomerezedwa ku Bangkok mu 2007 amati malo ndi a m'kati ngati ali ndi denga kapena atchingidwa ndi khoma limodzi kapena angapo, kaya ndi la njerwa, la lona kapena la mphasa, kaya ndi lokhalitsa kapena longoika kwa kanthawi. England inasankha njira ina: malo okhala ndi denga ndi a m'kati pokhapokha ngati theka kapena kuposerapo la m'mbali mwake lili lotseguka, ndipo zitseko ndi mawindo siziwerengedwa ngati potseguka. Njira ya England imafuna tepi yoyezera ndi masamu pakati pa usiku, ndipo imabala mikangano ya masentimita. Kwa ife ndikuona kuti mawu osavuta ndiwo abwino: pali denga, palibe fodya. Inspekitala, mwini malo ndi kasitomala onse angayang'ane kumwamba n'kugwirizana.

Mawu achiwiri ndi "kusuta". Munthu akaona yunifomu amangotsitsa dzanja n'kunena kuti sindimakoka, ndangoigwira. N'chifukwa chake lamulo liyenera kunena kuti kukhala ndi fodya woyaka m'manja kapena patebulo lako ndi kusuta kale, kaya utsi waukoka kapena ayi. Litchulenso kuti ndi fodya wa mtundu uliwonse: ndudu za m'paketi, balani wopichira m'pepala, kaliwo, shisha. Shisha ndiye wadzaza m'malo achisangalalo a achinyamata, ndipo ambiri amakhulupirira kuti madzi a m'botolo lija amasefa poizoni. Sasefa. Kuwonjezera apo amayatsidwa ndi makala, ndiye kuti m'chipinda chotseka mukuwonjezeka mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni. Ogulitsa ena amati wathu ndi wa zipatso chabe, mulibe fodya, ndipo inspekitala alibe labotale m'chikwama yoti atsutsire. Mankhwala ake ndi kulemba kuti chilichonse choyatsidwa kapena chotenthetsedwa kuti munthu akoke utsi kapena nthunzi yake n'choletsedwa m'kati. Mawu amenewo amagwira ndi vape yomwe. Uganda, m'lamulo lake la 2015, inangoletseratu shisha.

Achitatu ndi "malo ogwirira ntchito". Tanthauzo la 2008 limayang'ana kumene anthu wamba amalowa. Nanga khichini ya lesitilanti, chipinda chosungira katundu, ofesi ya bwana kuseri, kanyumba ka mlonda, galimoto ya kampani, makwerero ndi zimbudzi? Kumeneko kasitomala safikako koma wantchito amakhalako tsiku lonse. By-law iyenera kuwatchula.

Pa msonkhano uliwonse wokambirana ndi eni mabala ndi mahotela padzaimirira wina wooneka wanzeru n'kunena kuti tiyeni tikumane pakati: mbali ino ya osuta, mbali iyo ya osasuta, tiikenso mafani. Apa khonsolo isagonje, ngakhale pempholo likumveka laulemu. Utsi sudziwa malire a matebulo. Tinthu take n'tating'ono kwambiri, tosakwana ma micrometre 2.5, ndipo timayandama mumpweya maola angapo ndudu itazima kale. Eyakoni imaziziritsa mpweya womwewo n'kuubweza, fani ya kudenga imangoumwaza kuti ufike kwa onse. Fungo likhoza kuchepa koma poizoni akadalipo. Bungwe la mainjiniya a za mpweya wa m'nyumba la ASHRAE linanena poyera mu 2005 kuti palibe makina amene angachotse ngozi ya utsi wa fodya m'chipinda chimene anthu akusutiramo. Chipinda chapadera nachonso chimadontha: chitseko chikatsegulidwa utsi umatuluka, ndipo wetala amalowamobe ndi thireyi. Spain inayesa njira ya pakatiyi mu 2006, kulola mabala aang'ono kusankha okha, ndipo ambiri anasankha kupitiriza. Mu 2011 anachita kulembanso lamulo loletseratu. Kulola zipinda za osuta kumapwetekanso aang'ono: hotela yaikulu ili ndi ndalama yomangira chipinda cha magalasi, thaveni ya ku Chawama ilibe, ndiye makasitomala osuta amasamukira kwa wolemera. Lamulo lofanana kwa onse ndi limene eni mabala aang'ono ayenera kulimenyera okha.

Zimene mwini malo ayenera kuchita zilembedwe moti munthu angazione ndi maso. Aike chikwangwani pakhomo lililonse ndi m'kati, cha kukula kotchulidwa, mwachitsanzo pepala la A4, chokhala ndi chithunzi cha ndudu yodulidwa mzere wofiira, kuchuluka kwa faindi ndi nambala ya foni yodandaulira. Chithunzicho n'chofunika kuposa mawu, poti mu Lusaka wina amati kusuta fodya, wina kukoka, wina kupepa fwaka. Achotse timbale ta phulusa tonse m'kati. Auze wosuta kuti azimitse kapena atuluke, akakana asiye kumugulitsa, akakanabe amutulutse kapena aitane apolisi. Ndipo aphunzitse antchito ake mawu onena, chifukwa mwana wa zaka 20 sangayambe yekha kudzudzula munthu wa msinkhu wa bambo ake. Mawu ngati awa amagwira ntchito: "Pepani akuluakulu, muno akatipeza a khonsolo atitsekera bala. Panja pali mpando, mowa wanu ndikubweretserani komweko." Mlandu waukankhira kwa khonsolo, ulemu wa kasitomala watsala.

Mwa zonsezi, kambale ka phulusa ndiko kofunika kwambiri kwa inspekitala. Ndudu imazima, utsi umatha, koma kambale kokhala ndi zotsalira za ndudu patebulo la m'kati kali pompo ngakhale 10:00 m'mawa. Lamulo likanena kuti kupezeka kwa kambaleko ndi mlandu pakokha, theka la ntchito lingachitike masana.

Njira yopangira by-law ili mu Local Government Act ya 2019, ndipo si yachidule. Ganizo limachokera ku dipatimenti ya zaumoyo kapena kwa khansala, limakambidwa mu komiti ya makhansala, maloya a khonsolo amalilemba, kenako khonsolo yonse imavota. Chikalatacho chimaikidwa poyera ku ofesi kwa masiku osachepera 30 kuti aliyense awerenge ndi kulemba zotsutsa, ndiyeno chimapita kwa nduna kuti ivomereze, n'kutuluka mu Gazette. Pali misampha iwiri. By-law singatsutsane ndi lamulo la dziko ndipo faindi yake singapitirire malire amene Act inaika, choncho mphamvu yeniyeni isafunidwe m'kukula kwa faindi koma m'kumangirira chiletsochi ku zikalata zochitira bizinesi. Msampha wina uli m'masiku 30 aja: otsutsa amabwera ndi makalata olembedwa bwino, pomwe wetala, mayi wa mwana wa mphumu ndi nesi wa ku chipatala chachikulu cha UTH sadziwa n'komwe kuti pali chikalata chopachikidwa. Amene akufuna lamuloli ayenera kutolera makalata awo nthawi isanathe, kudzera m'ma Ward Development Committee, m'mipingo ndi m'mabungwe a ogwira ntchito. Pangano la FCTC, pa ndime 5.3, limachenjezanso kuti makampani a fodya asakhale patebulo lolembera malamulo a zaumoyo. Kuwamvera pa msonkhano wa poyera n'kosiyana ndi kuwapatsa cholembera.

Lamulo likatuluka, ntchito yoyamba ndi kaundula. Khonsolo ili kale ndi maina a onse okhala ndi layisensi ya mowa ndi health permit, ndipo pamenepo mpoyambira. Malowo agawidwe malinga ndi kumene utsi umachuluka: makalabu a usiku, mabala ndi malo a shisha patsogolo, malesitilanti ndi malo obetcherana pambuyo, mabanki ndi masitolo a ku Manda Hill kapena East Park kumapeto, poti kumeneko anthu anasiya okha kalekale. Kuwononga mafuta kuyendera banki kuti lipoti lioneke lokongola ndi chinyengo chimene maofesi ambiri amadzinyenga nacho.

Kenako pakhale miyezi iwiri kapena itatu yophunzitsa, tsiku loyambira faindi litalengezedwa kale pa wailesi ndi m'makalata opita kwa mwini aliyense, iye n'kusainira kuti walandira. Siginecha imeneyo ndi imene idzatseke pakamwa pa wonena kuti sindinamve. Tsiku la 31 Meyi, lokumbukira kuipa kwa fodya padziko lonse, limakopa ambiri kuti likhale loyambira, koma kuno lili ndi vuto: limagwa pakhomo pa Juni ndi Julayi, pamene kunja kukuzizira ndipo palibe amene akufuna kutuluka. Kuyambira mu Seputembala kuli bwino. Anthu amazolowera kusutira panja m'nyengo yotentha, mvula ya Novembala isanawabweze pansi pa denga. Nthawi yophunzitsayi isapitirire tsiku lolengezedwa. Ikangosunthidwa kamodzi, mzinda wonse umadziwa kuti ndi masewera.

Kuyendera kwenikweni kuchitike ndi anthu awiri, osavala yunifomu polowa, pa nthawi imene malowo adzaza, makamaka Lachisanu ndi Loweruka kuyambira 20:00, ndi masana a Loweruka ndi Lamlungu pamene pali mpira wa ku England pa TV. Apolisi a khonsolo adikire panja, asalowe pokhapokha pavuta. Izi zikutanthauza ndalama ya ovataimu ndi galimoto ya usiku, ndipo ngati sizili mu bajeti, by-law yonse ndi pepala chabe. Fomu ikhale ya tsamba limodzi: chikwangwani chilipo kapena ayi, timbale tilipo kapena ayi, zotsalira za ndudu pansi, anthu angati akusuta, wantchito anachitapo kanthu kapena anangodutsa. Ajambule zithunzi zoonetsa tsiku ndi nthawi, alembe dzina la amene akuyang'anira malo usikuwo, amusiyire kope. Milandu yambiri imafera ku khoti chifukwa cha zinthu zazing'ono: samani yalembedwa dzina la bala m'malo mwa dzina la mwini layisensi, kapena chithunzi chikuonetsa ndudu koma sichikuonetsa denga. Funso limodzi la fodya likhoza kungowonjezedwa pa fomu imene ma inspekitala amagwiritsa kale ntchito poyendera makhichini ndi zimbudzi, ndipo limenelo silifuna ngwee yowonjezera.

Pali makina oyezera utsi amene amathandiza kwambiri pokopa makhansala, ngakhale si ofunika pa mlandu uliwonse. Odziwika ndi TSI SidePak, kachipangizo kolowa m'chikwama kamene kamayeza PM2.5, tinthu ting'onoting'ono tija ta mu utsi. Kayendetsedwe kake n'kotere: muyeze panja mphindi zingapo, mulowe n'kukhala mphindi zosachepera 30, muziwerenga anthu ndi ndudu zoyaka mphindi 15 zilizonse, muyeze kukula kwa chipinda, mutuluke n'kuyezanso panja. Pa utsi wa fodya, nambala ya makinawa imachulukitsidwa ndi 0.32 kuti ikhale yoona. Malire a WHO a 2021 ndi ma microgram 15 pa cubic metre pa maola 24, pomwe bala lodzaza osuta limafika mazanamazana. Koma mu Lusaka samalani ndi mbaula. Makinawa sasiyanitsa utsi wa ndudu ndi wa michopo yowotchedwa pakhomo, wa jenereta ya nthawi ya load shedding, kapena fumbi la Ogasiti. Mukayeza pafupi ndi pootchera nyama, loya wa mwini bala adzakugwetsani mosavuta. Chimene chimaloza fodya yekha ndi nikotini: kabokosi kokhala ndi pepala losefera kamapachikidwa m'chipinda masiku 7 n'kutumizidwa ku labotale, kapena amayeza cotinine, chotsalira cha nikotini m'thupi, m'malovu kapena mumkodzo wa antchito osasuta.

Zilango zikwere ngati makwerero, ndipo aliyense awadziwe: chenjezo lolembedwa, faindi, faindi yokulirapo, kuimitsa layisensi masiku angapo, kenako kuilanda. Bala lalikulu silimva K1,000, ndi ndalama ya makireti ochepa. Kutsekedwa Lachisanu ndi Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndiye kumamveka mpaka m'mafupa. Khoti la fast track la pa Civic Centre lingathandize kuti mlandu usagone chaka. Ndipo milandu yoyamba isakhale ya kathaveni ka mayi wamasiye ku Kanyama. Iyambire pa malo otchuka, omwerako mabwana, n'kulengezedwa. Anthu a m'makomboni akaona kuti a ku Kabulonga alipira, amamvera. Akaona kuti ndi iwo okha akuvutitsidwa, lamulo limasanduka mdani.

Kulikonse kumene munthu wa yunifomu ali ndi mphamvu yolipiritsa usiku, nchekeleko imafika. Sitingachite ngati sitikudziwa. Njira zochepetsera zilipo: inspekitala asalandire ndalama m'manja, angolemba tikiti ya nambala, malipiro apite ku banki kapena pa foni ku akaunti ya khonsolo, awiriawiri aja azisinthidwa ndipo asadziwiretu kumene akupita mpaka madzulo omwewo. Zotsatira za kuyendera ziikidwe poyera mwezi ndi mwezi. Nambala yodandaulira, ngakhale ya WhatsApp, ikhale ndi munthu woyankha, isunge chinsinsi cha wodandaula, chifukwa kawirikawiri ndi wantchito wa pamalopo, ndipo dandaulo lililonse liyenderedwe pasanathe sabata. Nambala yosayankhidwa imaphunzitsa anthu msanga kuti asavutikenso.

Ku masiteshoni nkhani ndi yopepukirapo. M'minibasi anthu anasiya kale kulola fodya, ndipo amene angayatse amakalipiridwa ndi amayi a m'basimo kondakitala asanatsegule pakamwa. Zimenezi zikusonyeza kumene tikufuna kufika ndi mabala. Chotsala ndi pansi pa mashedi a Intercity, Kulima Tower, Lumumba ndi City Market, ndi m'tinjira ta m'kati mwa msika wa Soweto, kumene ogulitsa mishanga amakupatsa ndudu imodzi ndi machesi pomwepo. Kumeneko oyenera kugwira nawo ntchito ndi oyang'anira siteshoni ndi makomiti a msika, ndipo payenera kusonyezedwa malo a panja osutirapo, opanda denga, okhala ndi chitini cha mchenga. Mtunda wochokera pakhomo ndi pawindo utchulidwe ndi nambala. Uganda inaika mamita 50, koma pa Cairo Road kapena Freedom Way mamita 50 kuchokera pakhomo lina ndi pakhomo la wina. Mamita 5 mpaka 10 ndi amene angatsatidwe.

Mashabini ndiwo mutu wopweteka. Ndi nyumba ya munthu, koma pabalaza pake pakugulitsidwa mowa, ana akugona chipinda chotsatira. Alibe layisensi yoti muimitse. Pano by-law ya fodya payokha singathe kanthu, nkhani yake ndi ya malamulo a mowa, ndipo chimene chingafikeko ndi aphunzitsi a zaumoyo a m'makomboni, omwe aja amayenda khomo ndi khomo nthawi ya kolera, atanyamula uthenga wa chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu mwa ana.

Zotsutsa ziwiri zimabwera nthawi zonse. China n'chakuti bizinesi igwa. Kafukufuku amene anayang'ana misonkho ndi malipiro enieni m'mizinda ngati New York, imene inaletsa mu 2003, sanapeze kugwa kumeneko. Osuta sasiya kumwa, amangotuluka mphindi zisanu, ndipo osasuta, omwe ndi ochuluka kwambiri kuno, amakhalitsa. Chinacho chimatikhudza ife a kum'mawa: nanga abale athu olima fodya ku Chipata ndi ku Lundazi? Fodya wawo wambiri amagulitsidwa kunja kwa dziko, ndipo mtengo wake sudalira ngati munthu wa ku Chilenje wasutira m'kati kapena pabwalo. Ngakhale Malawi, amene chuma chake chatsamira pa fodya kuposa ife, analowa m'pangano la FCTC mu 2023.

Chimene chimagwetsa malamulo ambiri otere ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi. Makamera apita, ma inspekitala abwerera ku ntchito zina, kolera yabuka mu Januwale ndipo dipatimenti yonse yathamangira kumeneko. Mwini bala mmodzi amabweza timbale, woyandikana naye amaona makasitomala akusamuka, nayenso n'kubweza. Choncho ndandanda ya chaka iikiretu maulendo obwereza pa nthawi ziwiri zimene anthu amathawira m'kati: sabata zoyamba za mvula, pamene mapulasitiki a m'makhonde amatsitsidwa, ndi kumayambiriro kwa Juni. Malo amene anapezeka olakwa ayenderedwenso pasanathe masiku 30, ndipo fayilo yawo ikhale patebulo la komiti ya malayisensi tsiku limene mwiniwake abwera kudzakonzanso chikalata chake.